Sabata Imodzi Pachipatala cha M'munsi mwa Phiri la Mulanje

Ndine clinical officer, woyeza ndi kuchiritsa odwala amene anthu amangomutcha dokotala, pa chipatala chaching'ono cha kumudzi m'boma la Mulanje, kumene ambiri mwa odwala athu ndi alimi a chinangwa ndi nandolo komanso anthu othyola masamba m'minda ya tiyi. Sindipemphera ku mpingo uliwonse, ndipo sindikhulupirira kuti kuli ufiti, mizimu yoyenda usiku kapena mankhwala otha kuulutsa munthu pa lichero. Anzanga a kuntchito amadziwa zimenezi, koma odwala sindiwauza, chifukwa mayi wobereka mwana wokomoka sabwera kudzamva za chikhulupiriro cha dokotala. Komabe palibe sabata imene imatha nkhani ya ufiti isanalowe m'chipinda changa, ndipo zaka za pantchito zandionetsa kuti kukayika kwangaku kumapindula pokhapokha kukasanduka ntchito ya manja, ndiye kuti kuyeza, kufotokoza chimene chapezeka, ndi kutchinga kuti dzina la munthu wosalakwa lisatchulidwe.

Lolemba m'mawa kunali chiperoni, ndipo pakati pa oyamba kufika panali mayi wachitsikana amene anatsika pa kabaza ndi mwana wa zaka 3, agogo ake a mwanayo akutsatira pansi. Mwanayo anali lefulefu, akupuma mofulumira, zikhatho zake ndi m'kati mwa zikope muli mbee. Nditamuvula malaya ndinapeza mphini zatsopano kumunsi kwa nthiti za kumanzere, zitapakidwa mankhwala akuda, ndipo m'chiuno anali ndi mkuzi womangapo kachithumwa kosokedwa ndi nsalu yofiira. Agogo aja sanadikire kufunsidwa. "Adokotala, mwanayu alipo akumuyamwa magazi usiku, ndipo tikumudziwa," anatero. Ndinawayankha kuti, "Agogo, zoti magazi atha mwanena zoona, ndipo maso anu aona bwino. Tiyeni tione limodzi chimene chawamaliza."

Ndinawakhazika pafupi pamene tinkabaya mwanayo pachala. Kachida koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri pasanathe mphindi 15, ndipo mlingo wa magazi unali 4, pamene mwana wa msinkhu umenewo amayenera kukhala ndi 11 kapena kupitirira. Ndinawafotokozera kuti tizilombo ta malungo tikalowa m'thupi kudzera mwa udzudzu timakakhala m'maselo ofiira a magazi, timaswana m'menemo mpaka maselowo kuphulika, ndipo kapamba amatupa chifukwa chogwira ntchito yochotsa maselo owonongekawo. Ndinagwira dzanja la agogowo ndi kuliika pamimba pa mdzukulu wawo kuti amve okha chotupacho, chimene chinali pansi penipeni pa mphini zija. Sing'anga anachipeza ndithu chotupacho, koma anachitanthauzira kuti ndi chinthu choikidwa ndi munthu. Tinamubaya mwanayo jakisoni wa artesunate, mankhwala a malungo aakulu, ndi kuitana ambulansi yoti akawonjezeredwe magazi ku chipatala chachikulu. Kachithumwa kaja sindinakadule, chifukwa sikamaletsa mankhwala kugwira ntchito, pamene kukadula kukanachititsa kuti banjalo lisadzabwerenso.

Nkhani ya magazi kuno si yoitenga mopepuka. Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka m'boma lino ndi kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata ankatseka misewu ndi miyala, alendo ankamenyedwa ndipo ena anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachita kuyendera maboma okhudzidwawo kukalankhula ndi anthu. Ambulansi zinkagendedwa, ndipo chipangizo chomvera m'chifuwa chimene timakoleka m'khosi chinkatengedwa ngati chopopera magazi. Mphekesera yomweyo inavutanso m'dera lino mu 2002. Nthawi zonse ziwirizi achipatala sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi, koma ine sindiona kuti anthu amene anakhulupirira anali opusa. Kudera kumene ana amayera m'manja chaka ndi chaka, ndipo anthu ovala zoyera amabwera pa galimoto kudzatenga magazi m'timabotolo osalongosola kumene akupita nawo, mphekesera yotere imapeza pomera. N'chifukwa chake ndinakhazikitsa lamulo pachipatala pathu loti magazi alionse amene tatenga, mwini wake aone pamene akuyezedwa ndipo auzidwe zotsatira m'mawu oti awamve.

Lachiwiri linadutsa ndi sikelo ya ana komanso mzere wa odwala matenda a shuga ndi othamanga magazi. Mmodzi yekha ndiye woti ndimutchule, bambo wa zaka za m'ma 50, kapitawo wa ku esiteti, amene anadzuka pakamwa patakhota ndipo mkono wakumanja utafa. Abale ake ankanena kuti wamenyedwa hamala ndi mnzake wolimbirana naye udindo, koma m'kabuku kake ka kuchipatala munalembedwa kuti anamupeza ndi BP yokwera chaka chatha ndipo sanabwerenso kudzatenga mankhwala.

Lachitatu ndi tsiku la odwala khunyu, ndipo pa matenda onse amene ndimaona, awa ndi amene ufiti umanamiziridwa kwambiri. Panabwera mtsikana wa zaka 15 wokhala ndi chipsera chachikulu kuyambira pachigongono mpaka padzanja, chifukwa tsiku lina anagwera pamoto akuphika ndipo amene analipo anaopa kumugwira poganiza kuti thovu la m'kamwa mwake lingawapatsire matendawo. Khunyu silipatsirana. Limabwera ubongo ukavulala, kaya pobadwa, kaya ndi malungo aakulu, ngozi ya m'mutu kapena mazira a nyongolotsi zochokera ku nkhumba, ndipo odwala ambiri amasiya kugwa akamamwa mankhwala monga phenobarbitone tsiku lililonse osadumphitsa. Mtsikanayu anakhala miyezi yambiri osagwa, kenako bambo ake anamusiyitsa mankhwala atauzidwa ndi woombeza kuti azakhali a mtsikanayo ndiwo anamutchera, ndipo matenda atabwerera anati umenewo ndi umboni wa mphamvu za azakhaliwo. Ndinatsegula kabuku kake ndi kuwawerengera bambowo masiku amene ankalandira mankhwala, kenako tsiku limene anasiya, kenako tsiku limene anagwanso. Anakhala chete kwa nthawi, ndipo anangofunsa ngati mankhwalawo alipo. Ndikamaona odwala amenewa ndimakumbukira kuti mmodzi mwa anthu amene anaphedwa ku Blantyre mu 2017 pomuganizira kuti ndi namapopa anali mnyamata wodwala khunyu.

Tsiku lolemera linali Lachinayi. M'bandakucha mlangizi wa zaumoyo anandiimbira kuti m'mudzi wina wa kufupi ndi mtsinje wa Ruo mwapezeka gogo wamkazi ali chiimire kuseri kwa nyumba ya eni, alibe chitenje, ndipo anthu akuti wagwa pa ndege ya ufiti mafuta atamuthera. A mfumu anachita mwanzeru pomulowetsa m'nyumba mwawo ndi kukhala okha pakhomo, koma achinyamata anali atasonkhana kale ndi ndodo. Tinapita pa njinga yamoto pamodzi ndi mkulu wa chitetezo cha m'mudzi. Gogoyo ndinamupeza atafunda nsalu ya akazi a mfumu, mapazi ali magazi chifukwa cha minga, akunjenjemera ndi chisanu. Sankadziwa tsiku kapena mudzi umene anali. Nditamufunsa kumene ankapita anati ankakaperekera chakudya kumunda kwa amuna ake, amene anamwalira kalekale.

Chimene chinautsa mkwiyo wa anthu n'chakuti ankati wavomera yekha. Ndinapempha a mfumu kuti akulu angapo ndi atsogoleri a achinyamata aja alowe, ndipo pamaso pawo ndinamufunsa gogoyo mwaulemu kuti, "Agogo, kodi mwabwera pa ndege?" Anati eya. Ndinafunsanso kuti, "Kodi mwabwera pa sitima ya pamadzi?" Anati eya. Nditamufunsa ngati ine ndine mwana wake woyamba, anavomeranso, nandigwira dzanja. Ndinawafotokozera kuti awa ndi matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba, kuti munthu amaiwala za lero n'kumakumbukira za kale, amasokonezeka kwambiri kukada, amatuluka usiku osadziwa kobwerera, ndipo amavomera chilichonse chimene wofunsa akufuna kumva. Mwamwayi mdzukulu wake anafika kuchokera kutsidya kwa mtsinje akumufunafuna, nanena kuti aka sikanali koyamba. Gulu lija linabalalika pang'onopang'ono, ngakhale kuti ena ankachoka akung'ung'udza kuti adokotala aphimba nkhani.

Lamulo lili kumbali ya gogo ameneyu, ngakhale anthu ambiri sadziwa. Lamulo lokhudza ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, kumwetsa mwavi ndi kudzitcha mfiti. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali yomalizayi ndi imene inkagwiritsidwa ntchito pomanga okalamba amene anavomera monga anavomerera gogo uyu, ndipo cha m'ma 2010 bungwe la anthu osapembedza la Association for Secular Humanism, motsogozedwa ndi a George Thindwa, linamenya nkhondo yoti anthu otere atulutsidwe m'ndende. Mu Januwale 2016 okalamba 4 a banja limodzi anaphedwa ku Neno mtsikana wina atafa ndi mphezi. Ngakhale zili chonchi, mu 2021 nthambi yapadera ya Law Commission, bungwe la boma lounikanso malamulo, inapereka maganizo oti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Ine maganizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse, chifukwa sindiona umboni umene bwalo la milandu lingalandire kupatula maloto, mawu a woombeza ndi kuvomera kwa munthu wosokonezeka kapena womenyedwa.

Lachisanu masana, ntchito itachepa, nkhani ya gogo uja inakambidwa pakhonde la chipatala, ndipo m'mene inayendera ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wosapemphera ndiye kuti sakhulupiriranso za ufiti, koma kuno sizili choncho. Dalaivala wa ambulansi yathu anasiya tchalitchi kalekale, amanena poyera kuti aneneri a masiku ano ndi amalonda, koma ndi iyeyo amene anaumirira kuti gogoyo anauluka, ndipo m'chikwama mwake amasunga kanthu kamene amati kamamuteteza pamsewu. Namwino wathu wamkulu, mayi wa Mvano wosaphonya mapemphero, ndi amene anamudzudzula koposa ine, nanena kuti mayi ake omubala anadwala chimodzimodzi ndipo sangalole kuti nkhalamba idzagendedwe iye akuona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse m'dziko muno alibe chipembedzo, pamene kafukufuku wa Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu mu Africa, anasonyeza kuti Amalawi pafupifupi 3 mwa 4 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo. Tikachotsa anthu onga dalaivala wathu pa kagulu kochepa koyambako, otsala amene amakana zonse zamatsenga ndi owerengeka kwambiri. Kusiya mpingo n'kosavuta kwa munthu amene wakhumudwa ndi abusa, koma kusiya mantha amene unaleredwa nawo kumafuna chizolowezi chofunsa nthawi zonse kuti tadziwa bwanji, ndiponso kuti chikanakhala chabodza tikanaona chiyani.

Dalaivalayo ananditchulira za Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, kuti nanga alendo amene amasowa kumeneko sindiye kuti mizimu yawatenga. Ndinamuyankha kuti nsongayo ndi yotalika mamita 3,002, kuti nkhungu imatha kutseka njira m'kanthawi kochepa, ndipo usiku kumazizira moti munthu wovala zopepuka sangapirire. Gabriel Buchmann wa ku Brazil, amene anasowa mu 2009, anapitiriza ulendo yekha atasiya womulondolera, ndipo thupi lake linapezeka paphiri pomwepo. Sindinamugonjetse, ndipo sindinkayembekezera kutero. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, kuti akakhala m'yunifolomu ya chipatala asamanene zoti odwala alodzedwa, chifukwa mawu a munthu wa ambulansi kumudzi amalemera ngati a dokotala. Pa chimenechi anavomera, namwino uja ali mboni.

Loweruka ndinapita ndi mlangizi wa zaumoyo kukaonana ndi sing'anga amene amatema ana ambiri a m'dera lathu. Ndi bambo wachikulire waulemu wake, ndipo anatilandira pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala. Sindinapite kukatsutsana naye za mizimu. Ndinamuonetsa mmene amayang'anira m'zikope ndi m'zikhatho za mwana, ndipo ndinamupempha kuti akaona mwayera, kapena mwana akukomoka, kapena akulephera kuyamwa, amutumize kwa ife tsiku lomwelo asanamuchite china chilichonse, komanso kuti asagwiritse ntchito lumo limodzi pa anthu awiri. Pa nkhani yotchula mayina a anthu ndinamukumbutsa za lamulo la 1911. Iye anati lumo amagula latsopano kale, za mayina aziganizira, ndipo za kutumiza ana wavomera pokhapokha ngati anamwino athu asiya kukalipira amayi obwera ndi ana a mphini pamaso pa anzawo. Ndinamulonjeza kuti ndikaikamba pa msonkhano wa antchito Lolemba m'mawa, ndipo tinamusiyira nambala ya foni ya chipatala ndi timapepala totumizira odwala.