Chingerezi cha mayeso a mestrado, ndi kapepala ka kubanki komwe kanandigoneka ku Matundo

Dzina langa latuluka pa mndandanda wa okhoza mayeso Lachisanu lapitali, ndiye tsopano nditha kulankhula. Miyezi isanu ndakhala ndikudya Chingerezi ngati nsima, ndipo anzanga a kuno ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene akufuna kudzalemba mayeso olowera mestrado, digiri yachiwiri ya kuyunivesite, chaka chamawa sakundipatsa mpata, aliyense akuti ndimuuze mmene ndinayendera. Ndilemba kamodzi, muziwerenga nokha. Za zithunzi, BI (chitupa cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho) ndi setifiketi ya licenciatura (digiri yoyamba) sindinenapo, mukuzidziwa kale.

Ndisanaiwale: mukalipira ndalama ya mayeso kubanki, kapepala kamene amakupatsani kaja, talão, kajambuleni pa foni musanatuluke pakhomo, ndipo mupange fotokope ziwiri tsiku lomwelo. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Ndikayamba pano ndipsa mtima ndisanafike pa Chingerezi.

Ine ndinaphunzira za ulimi, ndipo ndimayenda pa njinga yamoto m'midzi ya Angónia kulangiza alimi a chimanga ndi mbatatesi. Chingerezi changa chinali chija cha ana a m'malire, chotola pa wailesi za ku Malawi ndi pa msika wa ku Dedza tikawoloka pa Calómuè. Moni ndinkapereka bwinobwino, mpira ndinkaumva wonse, ndipo ndinkadziona ngati dolo. Mnzanga wina atandipatsa pepala la mayeso akale, ndime imodzi yokha inandidyera mphindi 50, ndipo pa mafunso khumi ndinakhoza atatu. Mkazi wanga anandipeza nditagwira tsaya n'kufunsa ngati kwagwa maliro.

Mwezi woyamba ndinautaya, ndivomereze. Ndinalipira mnyamata wina wa explicação, maphunziro apadera olipira, amene anali ndi bolodi pakhonde pake. Munthu wabwino ndithu, koma tinatha masabata anayi pa present perfect ndi mndandanda wa maverebu, go went gone, ngati tili ku sekondale. Ndalama imene inapita kumeneko ikanagula theka la thumba la feteleza. Mayeso amenewa safunsa kuti uimbe maverebu. Amakupatsa nkhani yaitali yolembedwa ndi anthu a kafukufuku, n'kukufunsa kuti wolembayo akutanthauzanji, mawu akutiakuti akuimira chiyani pamzere wakuti, ndipo wotchi ikuyenda. Ngati mukufuna wokuphunzitsani, mufunseni kaye ngati anawerengako yekha nkhani ya kafukufuku mpaka kumapeto.

Chimene chinandibwezera mtima m'malo n'chakuti ife ophunzira m'Chipwitikizi tili ndi mwayi umene sitiudziwa. Mawu aataliatali a Chingerezi cha kuyunivesite, amene amaopsa m'maso, ambiri anachokera ku Chilatini monga athu omwe. Amene kwathu amatha ndi ção kwawo amatha ndi tion, a dade ndi a ty, a mente ndi a ly. Distribuição ndi distribution, variabilidade ndi variability, basi. Pali mndandanda wina wotchedwa Academic Word List, umene mayi Averil Coxhead a ku New Zealand anatulutsa mu 2000. Uli ndi mabanja a mawu 570 amene amapezeka kwambiri m'zolemba za maphunziro apamwamba, ogawidwa m'magulu khumi, ndipo gulu loyamba ndilo la mawu obwera kawirikawiri. Umapezeka pa intaneti ulere. Ndinausindikiza, ndinatenga cholembera n'kuyamba kudula mawu onse amene ndinawazindikira chifukwa cha Chipwitikizi. Otsala anali ochepa kuposa mmene ndinkaopera, ndipo ndinayamba ndi amenewo.

Koma Chipwitikizi chomwecho ndi mnzako wokudyera kuseri. Aphunzitsi amati falsos amigos, ine m'kope mwanga ndinawalembera tsamba lawolawo ndi inki yofiira, mutu wake "atambwali". Mtsogoleri wawo ndi data. Sabata yathunthu ndinkawerenga lipoti lina ndikudabwa kuti anthuwa akutoleranji masiku a pa kalendala m'minda ya alimi, osadziwa kuti data ya Chingerezi ndi dados, zimene a kafukufuku amatolera, pomwe data yathu kwawo ndi date. Actually si actualmente, amatanthauza kuti kunena zoona. Eventually ndi pamapeto pake, osati mwina. Pretend ndi kunamizira, osati kufuna. Library ndi biblioteca, si kogulitsa mabuku. Policy alibe chibale ndi apolisi. Comprehensive si munthu womvetsa anzake, ndi chinthu chokhudza mbali zonse. Okonza mayeso amawadziwa atambwali amenewa, ndipo yankho labodza limene limafanana ndi Chipwitikizi amaliika dala poyamba kuti ulithamangire.

Amene anandionetsa vuto langa lenileni ndi amalume anga. Iwo anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anaphunzira sukulu ku Ntcheu, n'kubwerera mtendere wa 1992 utabwera. Lero amalima kabichi ndi tomato, koma Chingerezi chawo n'cha m'buku. Lamlungu lina ndinawawerengera ndime mokweza tili pansi pa mtengo wa pichesi, iwo akusenda nzimbe. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Mphwanga, ndiye wolembayu akuvomereza kapena akukana?"

"Akuvomereza, amalume."

"Bwereza pamene pali although."

Ndinabwereza. Munthuyo ankakana.

"Iwe ukuthamangira njovu," anatero, "koma chikukuluma ndi nthata."

Ndipo zinali zoona. Timawu tating'onoting'ono timeneti, although, whereas, unless, despite, yet, rather, hardly, ndinkangotidumpha ngati miyala ya pa msewu, chonsecho ndi timene timatembenuza chiganizo chonse. Hardly sindiye kuti molimba, ndiye kuti pafupifupi ayi. Unless ndiye anandizunza koposa, mpaka ndinachita kumulemba pa thanki ya njinga ndi choko: pokhapokha. Enanso ndi maverebu oyenda awiriawiri, carry out, bring about, rule out, account for. Liwu lililonse palokha umalidziwa, koma akagwirana manja tanthauzo lathawa, ndipo apa Chipwitikizi sichikuthandiza ngakhale pang'ono. Chimodzimodzi mawu afupiafupi a kumunda, yield, drought, weed, seedling. Mlangizi wa zaulimi wathunthu, zaka zonsezi, sindinkadziwa kuti yield ndi zokolola.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Ndinkadzuka 4 koloko, nyumba ili zii, ndikuwerenga tsamba limodzi foni ikuwerengera mphindi. Ulendo woyamba osatsegula dikishonale, kungodula mzere pansi pa mawu achilendo n'kupitirira. Ndikamaliza ndinkalemba m'mizere itatu, m'Chichewa, zimene ndamva. Kenako ulendo wachiwiri ndi dikishonale ya amalume, yakale yopanda chikuto, yonunkha utsi. Mawu atsopano sindinkalemba opitirira khumi pa tsiku, ndipo lililonse ndi chiganizo chake chimene ndalipezamo. Poyamba ndinkalemba 40, Loweruka likamafika onse atauluka. Madzulo mwana wanga wamkazi wa kalasi 5 ndiye ankagwira kope n'kumandifunsa, ndipo ndikalakwa ankaseka mpaka kugwa pa mphasa.

Zowerenga musavutike nazo. Bungwe la FAO, la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, limatulutsa zolemba zina m'zilankhulo zingapo, ndipo za mbozi ya ntchemberezandonda, imene kuno timati lagarta do funil, ndinazipeza m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi momwe. Ndinkawerenga Chingerezi kaye, Chipwitikizi pambuyo, kuti ndione pamene ndinasochera. Osayamba ndi Chipwitikizi, mudzinamiza kuti mukumva. Nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times ankandibweretsera mlamu wanga amene amapita ku Dedza kukaoda katundu. Za mpira muzisiye, werengani masamba a maganizo ndi a chuma, ndiwo ali ndi ziganizo zazitali zokhotakhota. Ndipo musamangowerenga za ntchito yanu yokha. Ine ndinakakamira za ulimi, ndipo zinandibwerera.

Tsopano talão uja.

Ndinalipira kubanki kuno ku Ulongué kumayambiriro kwa November. Kapepala kake n'kaja koterera, kolembedwa ndi makina otentha opanda inki, kofanana ndi ka pa ATM. Ndinakapinda n'kukaika m'kathumba ka pulasitiki ka m'chikwama cha ndalama, ndikumayenda nako m'thumba la kumbuyo masabata atatu, pa njinga, padzuwa, thukuta lili kamukamu. Tsiku lokapereka mapepala ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, ya m'bandakucha. Ulendo wa ku Tete mukuudziwa, makilomita opitirira 200, kutsika phiri kuchoka kozizira kwathu kuno, kukhota pa Mussacama, kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, ndipo ukamawoloka Zambezi malaya amakhala atamatirira kumsana. Kutentha kwa Tete mu November si kwa anthu obadwira ku Angónia.

Ndinayamba ndi bisha, mzere wa anthu, ya kotsimikizira mapepala, maola awiri nditaima, chidindo chinagwa. Ndinathamangira ku ofesi yolandira mapepala a mayeso cha m'ma 11. Mayi wa pa windo anaona zonse bwinobwino, kenako anati, "Talão." Ndinatulutsa monyadira. Anakatambasula, anakatembenuza, anakaunika pa windo, n'kundibwezera.

"Bambo, apa palibe chalembedwa."

Kapepala kanali mbee. Kanangotsala kamthunzi ka chizindikiro cha banki pamwamba. Ndinachonderera kuti, "Mayi, taonani m'kompyuta, ndalama inalowa, dzina langa ndi ili." Anati iwo saona za ndalama, amaona pepala, ndipo woona za ndalama ali kulikulu. Ndinapempha kuti aimbe foni. Anati foni si ya zimenezo. Kumbuyo kwanga anthu ayamba kung'ung'udza.

Ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku nthambi ya banki yomweyo mumzindamo. Bisha ina. Nditafika kutsogolo, mnyamata wa tayi anandiuza kuti kapepala kachiwiri amapereka ku nthambi imene ndinalipirako. Ku Ulongué! Ndinamufunsa ngati banki yake ndi ina ndi ya kwathu, popeza chikwangwani n'chimodzi. Anangomwetulira. Mkulu wina wa pa desiki, Mulungu amudalitse, atamva ndikukweza mawu anandiitana n'kunena kuti atha kundisindikizira extracto ya akaunti yanga yoonetsa kuti ndalama inatuluka, n'kudindapo. Ndinakhala pansi, mtima unatsika. Anagogoda kompyuta kawiri, katatu. "Não há sistema," netiweki ya banki palibe. Tinadikira. Ndinawerenga zikwangwani zonse za pakhoma, mpaka ndinayamba kuzimasulira m'Chingerezi mumtima kuti ndisatukwane. 3 koloko inakwana, mlonda anatseka chitseko, sistema osabwera. Maofesi a boma nawo amatseka 15:30, ndiye tsiku linathera pomwepo.

Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Matundo, mumzinda wa Tete momwemo, panja pa mkeka chifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni, udzudzu ukundiimbira nyimbo. Zovala zosinthira ndinalibe, ndalama yobwererera ndinali nditadyako, ndipo kuntchito ndinali nditapempha tsiku limodzi lokha. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'mawa mwake extracto inatuluka m'mphindi zisanu, koma anandidula ndalama ya kusindikiza, ndipo mayi wa pa windo uja anailandira osaiyang'ana n'komwe. Anangoiponya mu fayilo. Masiku awiri, chifukwa cha pepala limene sanaliwerenge.

Ndiye ndikubwereza: jambulani talão, pangani fotokope tsiku lomwelo. Ndipo musakayese kukamatitsa pulasitiki pa makina otentha aja poganiza kuti mukukasunga, kamada bii ngati khala. Ikani mu envelopu ya pepala, m'kati mwa buku, kutali ndi dzuwa.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, pali chimene ndadumpha. Mwezi womaliza muziyesa mayeso athunthu ndi wotchi, kamodzi pa sabata, mutakhala pa tebulo, foni ili kuchipinda china. Ndi mmene ndinaphunzirira kuwerenga mafunso kaye ndisanawerenge nkhani, ndi kusiya funso londikanika m'malo molimbana nalo. Liwu lachilendo mukalipeza, onani oyandikana nalo. Kawirikawiri wolemba amalimasulira yekha pambuyo pa kachizindikiro ka koma (,), kapena amapereka chitsanzo.

Mayeso tinalemba mu January, mvula ili pakati, m'chipinda chimene fani imodzi yokha ndiyo inkazungulira. Ulendo uno ndinafika dzulo lake, ndi malaya awiri. Nkhani yoyamba inali ya madzi a m'mizinda, yachiwiri ya katemera. Za chimanga kunalibe ngakhale mzere umodzi. Manja ananjenjemera mphindi zoyamba, koma mawu a Chilatini aja anandinyamula, ndipo pa funso lachisanu ndi chimodzi ndinakumana ndi unless atakhala pakati pa chiganizo ngati mwini mudzi. Ndinaseka ndekha mpaka woyang'anira anandiyang'ana. Mafunso awiri omaliza ndinangolota, nthawi inali itatha, ndipo liwu lakuti uptake ndinakalifufuza ndili kale mu shapa.

Amalume nditawauza Lachisanu anangoti, "Chabwino, mphwanga. Dikishonale yanga ibwere." Ndiwapititsira Lamlungu pamodzi ndi shuga. Ndalama ya matrícula, yolembetsera sukulu, ndikalipira mawa m'mawa, ndipo mnyamata wa fotokope pafupi ndi msika ndamuuza kale kuti asatseke ndisanafike.