Kuchokera ku Lumbadzi Kukafika ku Edinburgh: Lipoti la Ulendo wa Aphunzitsi

Aphunzitsi anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi ku Scotland n'kutali bwanji. Za masukulu amene tinakayendera tidzakamba pa msonkhano, pano ndifotokoze za njira.

Palibe ndege yonyamuka kuno kulunjika ku Ulaya, choncho gulu lathu linadzera ku Addis Ababa. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola osakwana 4 ngati ndege siima pena. Kuchoka pa Bole kukatera pa Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 5,900, maola ngati 8. Kachigawo kotsalako, London mpaka Edinburgh ku Scotland, n'kongodumpha: makilomita 530, ndipo umati ukungomaliza tiyi, akuti mangani malamba. Zonse pamodzi ndi makilomita ngati 9,000 ndi maola 13 mumlengalenga.

Komatu musapusitsike ndi 13 ameneyo. Ulendowo unatidyera pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo nthawi yotsalayo inathera pa mabwalo a ndege. Ndege zambiri za ku Ulaya zimanyamuka pa Bole pakati pa usiku, ife titafika madzulo. Tinakhala pa mipando kudikira, ena atafunda zitenje, chifukwa Addis Ababa ali pamtunda wopitirira mamita 2,300 ndipo usiku kumazizira. Ku Heathrow nako mzere woonetsa mapasipoti, kenako kusaka chipata cha ndege ina.

Mawotchi anatisokonezanso. Ethiopia ali patsogolo pa ife ndi ola limodzi, Britain ali pambuyo ndi maola 2 m'nyengo yawo yozizira. Amayi ena a m'gulu lathu amamwa mankhwala a shuga pa nthawi yake, ndiye anasiya wotchi ya pamkono pa nthawi ya ku Malawi, foni n'kumadzisinthira yokha. Nzeru imeneyi ndinaitamanda.

Ine tulo sitinabwere. Ndinkangoyang'ana kagalasi ka kumbuyo kwa mpando, kandege kakukwawa pa mapu ngati nyerere, pamene manambala pambali akuti tikuthamanga makilomita oposa 800 pa ola ndipo kunja kwazizira kupyola madigiri 50 pansi pa ziro. Potsika, abambo ena nsapato zinawakana, mapazi atatupa.

Anzathu otilandira atamva tikudandaula anaseka, n'kutikumbutsa kuti amishoni a Livingstonia ananyamuka ku London mu May 1875 ndipo sitima yawo ya Ilala inalowa m'nyanja yathu mu October. Zoona, koma thupi silimva mbiri. Tinakalowa m'kalasi masana a tsiku lomwe tinafikalo, ndipo ndinaona mnzanga akuwodzera ana akutiimbira nyimbo.

Gulu lotsatira lipemphe kuti tsiku lofika likhale lopuma, ndipo pogula matikiti lisiye maola osachepera 3 pakati pa ndege yochokera ku Addis ndi yopita ku Edinburgh.