Mayi wa m'buku ili safunikira loya

Sabata yathayi inathera pa buku limodzi, nkhani yopeka ya mayi wolera yekha ana, amene kamwana kake kamira m'madzi iye ali chapafupi. Ntchito yanga ndi yokonza zolemba za ena zisanapite kosindikiza. Lolemba ndinangowerenga, cholembera chili pambali.

Wolemba wake dzanja ali nalo, koma pofika mutu wachinayi ndinaona kuti akumuikira kumbuyo mayiyu mopyola muyeso. Chitseko anakhoma, wina ndiye anatsegula. Foni inali m'chikwama. Iye ankamanga bala la mwana wamkulu. Tsamba lililonse umboni womuyeretsa. Anthu oyandikana naye, amene akunong'onezana kuti "ankatani nthawi yonseyo?" ndi "nanga bambo a mwanayo ali kuti?", awajambula ngati zilombo zokhazokha.

Lachiwiri tinalankhulana pa foni. Ndinati, "Mayi, ngati wowerenga akumumvera chisoni chifukwa choti sanalakwe pena paliponse, ndiye kuti mukugwirizana ndi amiseche aja. Mukunena kuti akanalakwitsa pang'ono, kumunyoza kukanakhala koyenera." Anakhala kaye duu, kenako anati, "Ndiye akonzi, mukufuna ndimuphe kawiri?" Ndinati ayi, ndikungofuna ayang'ane pa foni kwa kanthawi. Mwana wamng'ono akamamira nthawi zambiri sakuwa kapena kuphiriphitha monga timaonera m'mafilimu, amalowa mwakachetechete. Palibe kholo limene silinachotsepo maso pa mwana, kungoti ambiri tsokalo limawalambalala, ndipo mwina n'chifukwa chake amafulumira kuloza chala: akufuna kukhulupirira kuti iwo sizingawagwere.

Lachitatu linali la chisoni chenichenicho. Theka lachiwiri la bukuli analigawa m'magawo asanu otchuka a chisoni: kukana, mkwiyo, kuchonderera, kusweka mtima, kuvomereza. Magawowa anawafotokoza dokotala wa matenda a maganizo Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, ndipo anawatenga kwa odwala amene ankayembekezera imfa yawo, osati kwa ofedwa. Munthu wofedwa sayenda pa mzere wotero. Ngakhale bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, polemba chisoni chosatherapo pa mndandanda wake wa matenda wa ICD-11, silichitcha matenda pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Koma mayi wathuyu pa mwezi wachitatu wachira kale, akulimbikitsa ena. Mitu imeneyo ndinapempha isokonezedwe.

Pali ndime imodzi imene sindinaikhudze ngakhale chilembo. Mayiyo akupinda zovala, akupeza kasokosi kamodzi, n'kugwada kufufuza kanzake pansi pa bedi, kuseri kwa mpando, mpaka mwana wamkulu akumufunsa kuti, "Amama, mukufuna kuti avale ndani?"

Ndinapemphanso ndime ina: mayiyo aseke, sabata imodzi chichitikireni ngoziyo, wina amuone. Wolemba anakayikira kuti anthu angamuweruze munthu pa zimenezo. Ndinawakumbutsa za Lindy Chamberlain wa ku Australia. Mwana wake Azaria anatengedwa ndi galu wam'tchire wotchedwa dingo pafupi ndi thanthwe lalikulu la Uluru mu 1980, koma anthu ambiri anaona kuti nkhope ya mayiyo ndi youma, salira mokwanira. Mu 1982 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, anatuluka m'ndende mu 1986, chigamulocho chinafafanizidwa mu 1988, ndipo khoti lofufuza za imfa linadzatsimikiza mu 2012 kuti ndi dingo amene anapha mwanayo. Uyo anali pabanja. Nanga wopanda mwamuna womuimira pambali?

Lachinayi zinali zing'onozing'ono: kamwanako kali ndi zaka zitatu m'mutu wachiwiri, zinayi m'mutu wachisanu ndi chinayi, ndiponso mawu akuti "misozi inalengeza" abwera kosawerengeka.

Mutu wachinayi wokonzedwa unafika Lachisanu madzulo. Tsopano mayiyo akuwerenga uthenga wa bambo a anawo, woti mwezi uno satumiza kanthu. Akulemba yankho laukali, akulifufuta, akulembanso lofatsa. Akamadzutsa mutu, pakhomo pali zii. Ndi mutu wabwino kuposa yonse m'bukumo.

Pa mathero sitinamvanebe. Wolemba akufuna oyandikana naye aja abwere kudzapepesa. Ine ndalemba m'mphepete kuti anthu otere sapepesa, amangoyamba kupereka moni ngati palibe chinachitika. Tikambirananso Lolemba.