Kagwiritsidwe koyenera ka mawu akuti "deviate from"

Ophunzira a Fomu 4 amene ndimawathandiza Chingerezi kuno ku Dedza amakonda kwambiri mneni "deviate", koma ambiri amamulemba mosayenera m'zimangirizo zawo. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Mneni ameneyu amayenda ndi "from", ndipo chotsatira chake chimakhala chinthu chimene munthu wachisiya, monga lamulo, ndondomeko, mwambo kapena mutu wa nkhani. N'zolondola kulemba kuti "The builder deviated from the plan", kutanthauza kuti mmisiri sanatsate pulani ya nyumba imene anagwirizana ndi mwini wake. Kusiya "from" n'kulakwitsa, ndipo kuwonjezera "away" n'kungochulutsa mawu.

Gwero la vutoli, monga ndikuonera ine, ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife timati galimoto yapatuka, ndipo tikafuna kutchula kumene yalowera timati yapatukira ku Golomoti. Mwana amene wakulira m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo amaona tsiku ndi tsiku magalimoto akukhota pa Masasa kutsetserekera kunyanja, amalemba mosakayika kuti "The minibus deviated to Golomoti". Komatu minibasi imene ulendo wake ndi wa ku Golomoti sinasiye njira imene inayenera kutsata, yangokhota pamphambano, ndipo apa mawu oyenera ndi "turned off" kapena "branched off". Munthu akasankha "deviate" amakhala akunena kuti panali njira yokhazikika imene yasiyidwa, ndipo nthawi zambiri womvera amayembekezera kuuzidwa chifukwa chake.

Palinso "veer off", amene ophunzira amamusokoneza ndi mnzakeyu. Mawu amenewa amanena za kupatuka kwadzidzidzi, kawirikawiri kosafuna, ngati lole itaduka mabuleki pamakona a Khwekhwelere n'kusiya msewu, pamene mtolankhani angalembe kuti "The lorry veered off the road". Pamenepa "from" safunika, ndipo "off" alembedwe ndi zilembo zake zonse zitatu.

Aphunzitsi anzanga ndikuwapempha kuti pochonga tisamangodula mzere wofiira pansi pa mneniyu. Timufunse mwanayo kuti chimene chasiyidwa m'chiganizo chake n'chiyani, ndipo akalephera kuchitchula asankhe mneni wina.