Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mabuku a mfuti m'thiranki ya bambo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinalembedwa ntchito kwa mzungu wokalamba uja, wokonza mfuti za alenje kuno ku Harare. Achibale akabwera kwathu ku Mufakose n'kusuzumira m'chipinda chakumbuyo, funso lawo limakhala limodzimodzi: kodi mwana wa mkulu wa ku Dedza amene anabwera kuno pa Mthandizi kudzaphikira azungu, za mabuku a mfutizi anazitola kuti?

Ndinayamba ndi tsache ndi sandipepala. Patapita zaka ziwiri m'pamene anandilola kugwira mtengo wa mfuti, uja azungu amati stock. Ntchito yake imafuna munthu wosapupuluma. Umadontheza mafuta a linseed pang'ono pachikhatho, n'kumapaka mtengowo mpaka dzanja litatentha, kenako umaupachika masiku angapo kuti uume. Ukabwereza kakhumi kapena kupitirira, mtengo wa walnut umayamba kuonetsa mizere yake ngati madzi a pa dziwe. Pambuyo pake ndinaphunzira kudula timizere togwirira tija, 20 kapena 22 pa inchi imodzi. Dzanja likangoterereka kamodzi, sabata yonse yapita m'madzi.

Manja anga ankadziwa ntchito, koma mutu unali mbuu. Kuseri kwa tebulo la abwana kunali kabati yagalasi yokhoma, yodzaza mabuku. Ikabwera mfuti yachilendo, iwo ankaitembenuzatembenuza, kulowa mu ofesi, kutseka chitseko, n'kutuluka akulankhula ngati sing'anga: yapangidwa kwakutikwakuti, chaka chakuti, mpope uwu si wake. Ine ndinkangoti kukamwa yasa. Tsiku lina anaitanidwa pa telefoni n'kusiya buku lili chitsegulire. Ndikusesa ndinaponyapo diso, ndipo zonse zimene anali atangomuuza mwini mfuti uja zinali pomwepo, ndi chithunzi chomwe. Ula wawo unali pepala basi.

Sindikuwanyoza ayi, anali mmisiri weniweni. Koma kabati ija sanandipatsepo kiyi wake, ndipo ine sindinapemphe. Masiku amenewo sunkapempha zotero.

Buku langa loyamba ndinaligula pansi, kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu m'tauni. Linali Cartridges of the World la Frank Barnes, lomwe linatuluka koyamba mu 1965, koma langalo linali losindikizidwa pambuyo pake, lopanda chikuto, masamba oyamba atadyedwa. Ndinkaliwerenga m'basi popita ndi pobwera. Mmenemo ndi mmene ndinadziwira kuti chipolopolo chimene Angelezi amati .275 Rigby ndi chomwecho chimene Ajeremani amati 7x57, anangochisintha dzina kuti chigulike ku London. Ndinadziwanso kuti .375 H&H ya kampani ya Holland & Holland ndi ya mu 1912, .416 Rigby ndi ya mu 1911, ndipo 9.3x62 anaikonza Otto Bock wa ku Berlin cha mu 1905, n'kukondedwa kwambiri ndi alimi achizungu m'maiko athu ano chifukwa inkalowa mu mfuti wamba ya Mauser, yosafuna ndalama zambiri. Manambala amene ndinkangowamva pakamwa pa makasitomala anayamba kukhala ndi eni ake.

Lachiwiri linali Bolt Action Rifles la Frank de Haas, ndipo ndi limene linandigwetsa m'mbuna imene sindinatulukemo mpaka lero. Kwa amene simuzidziwa, mfuti zimenezi zili ndi kachitsulo konga mpiringidzo wa chitseko: umakweza chogwirira, kukokera kumbuyo, kukankhira kutsogolo, n'kutsitsa. Ukaona patali zonse n'zofanana. Bukulo linandionetsa kuti kusiyana kwake kuli ngati kwa nyumba ya zidina ndi ya njerwa zootcha.

Tate wa zonsezi ndi Mauser ya mu 1898, ntchito ya Paul Mauser wa ku Oberndorf, m'mbali mwa mtsinje wa Neckar ku Germany. Mpiringidzo wake uli ndi mano awiri kutsogolo otsekera, ndi lachitatu kumbuyo longodikira ngati awiriwo atalephera. Koma chimene alenje amaitamira ndi chikhadabo chachitali cham'mbali, chomwe chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'nkhokwe yake ndipo sichichitaya mpaka chitoliro chopanda kanthu chitaponyedwa kunja. Munthu amene njati yovulala ikumuthamangira m'chigwa cha Zambezi, manja akunjenjemera, amafuna mfuti yosakakamira. N'chifukwa chake amisiri opanga mfuti zapamwamba, za munthu mmodzi woitanitsa, mpaka lero amayambira pa Mauser kapena pa zidzukulu zake. Winchester Model 70 ya mu 1936 inatengera chikhadabo chomwecho, ndipo kampaniyo itachichotsa mu 1964 pofuna kuchepetsa mtengo, alenje anadandaula ngati pagwa maliro. Pa benchi yathu zimene zinkachuluka zinali zopangidwa ku Brno ku Czechoslovakia, makamaka ZKK 602. N'zosakongola, zolemera ngati mpini wa khasu wonyowa, koma ine ndimazipatsa ulemu kuposa zina zonyezimira zimene ndinaziona zikubwera ndi mitengo yosweka ulendo woyamba.

Mutu wonena za Lee-Enfield, mfuti ya asilikali a Britain ija ya .303, ndinakawawerengera amalume, amene anamenya nkhondo ku Burma ali mu King's African Rifles. Ndinawauza kuti mano a mfuti yawo anali kumbuyo osati kutsogolo, n'chifukwa chake mpiringidzo wake unkayenda mofewa ndi mofulumira, ndiponso kuti inkanyamula zipolopolo 10 pomwe ya Ajeremani inkanyamula 5. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mphwanga, fili noti fili ukundiuza ine? Ndinagona nayo m'matope miyezi ingati? Bukulo lanena kuti mvula ikagwa lamba wake amanunkha bwanji?"

Silinanene.

Mabuku ambiri amene ndili nawo anabwera nthawi ya mavuto. Kuyambira mu 2000 azungu ambiri ankachoka m'dziko muno, ndipo munthu wokwera ndege sanyamula makatoni a mapepala. Mabuku amene kale sindikanayerekeza n'komwe kufunsa mtengo wake anayamba kupezeka pa msika wa kaunjika wa ku Avondale ndi kumalo ogulitsa katundu pa okushoni, osakanikirana ndi mabuku ophikira. Mu 2008, ndalama itasanduka mapepala oyatsira moto, mayi wina wamasiye amene mwamuna wake anali kasitomala wathu anandiitana kuti ndikamukonzere mipando isanu ndi umodzi asanasamuke. Pomaliza anati ndisankhe: madola ochepa a ku America, kapena makatoni atatu a malemu amuna ake. Ndinatsegula katoni imodzi. Pamwamba penipeni panali Mauser Bolt Rifles la Ludwig Olson, pansi pake Hatcher's Notebook, kenako milu ya magazini a Man Magnum a ku South Africa.

Ndinafika kunyumba madzulo makatoni ali pa wilibala yobwereka. Mayi a ana anatuluka ndi chipande m'manja, poto ali pamoto wopanda ufa wokwanira.

"Abambo, ndalama zija zili kuti?"

"Ndi izi, amayi."

"Mabukuwa tiwathira mchere kapena tomato?"

Usiku umenewo ndinagona choyang'ana kukhoma, ndipo sindinganame kuti iwo analakwa. Ana anali atatu, m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Mpaka lero tikayambana pang'ono amandikumbutsa za wilibala ija.

M'katoni yachitatu munali African Rifles and Cartridges, la mu 1948, la John Taylor wa ku Ireland, amene anakhala zaka zambiri akusaka njovu m'chigwa cha Zambezi kumbali ya Mozambique. Dzina lake lina linali Pondoro. Nditawatchulira bambo anga anaseka, amvekere anthu a ku Tete mkango amati mphondolo, mzunguyo anangolipinda lilime. Ndi buku lokhalo la mfuti limene bambo analigwirapo ndi manja awo.

Ndiye kunabwera chiswe. Makatoni ndinawaika pansi m'chipinda chakumbuyo, kutsamira khoma, dzinja lonse osawasuntha. Tsiku lina nditanyamula imodzi, pansi pake panatsala pomwepo. Magazini a zaka zingapo anali atasanduka dothi lofiira, ndipo buku la Olson linali ndi msewu wa chiswe kuchokera pachikuto mpaka pakati, wodutsa pa mutu womwe wa zidindo zimene amadinda pa zitsulo za mfuti. Ndinakhala pansi pa simenti ngati wofedwa. Bambo, amene nthawi imeneyo anali atayamba kale kudwala, anaitana mdzukulu wawo kuti akoke thiranki yawo yachitsulo pansi pa bedi, ija anabwera nayo kuchokera ku Nyasaland. Anatulutsamo jekete ndi mapepala a chitupa, n'kunena kuti, "Ikamo zakozo. Ine kwathu ndidzapita m'bokosi lina."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuunjika, ndinayamba kusunga. Ndinakhoma mashelefu a mlombwa, miyendo yake itaima m'zitini za oyilo wakutha. Ndinagula kope lalikulu lachikuto cholimba n'kuligawa patatu: opanga mfuti, zipolopolo, ndi zidindo. Pa dzina lililonse ndimalemba buku ndi tsamba pomwe nkhaniyo ili, ndipo mabuku awiri akatsutsana ndimalemba onse awiri ndi inki yofiira. Amatsutsana kawirikawiri, musamve kuti zosindikizidwa sizinama. Masamba amene chiswe chinadya ndinakawachita fotokope kwa mlenje wina amene anali ndi buku lomwelo, n'kuwamata m'malo mwake.

Tsiku limene kope limeneli linandilipira ndimalikumbuka bwino. Abwana anali atakalamba kwambiri, maso akuvuta. Kunabwera bambo wina ndi mfuti m'chikwama chachikopa, akuti ndi .275 Rigby ya agogo ake, yopangidwa nkhondo ya 1914 isanayambe, ndipo ankafuna kalata yotsimikiza kuti aigulitse kunja. Nkhani yake inali yomveka, poti n'zoona kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kampani ya Rigby ya ku London ndiyo inkagulitsa katundu wa Mauser ku Britain, ndipo mfuti zake zambiri zinamangidwa pa zitsulo za ku Oberndorf. Abwana anaiyang'ana, anagwedeza mutu movomera, n'kundipatsa kuti ndiipukute.

Nditachotsa mtengo ndi chitsulo chokhazikapo galasi loonera patali, ndinapendeketsa mfutiyo pa windo. Pamwamba, pomwe wina anapala ndi tupa n'kudetsanso, panali potsalira mthunzi wa zilembo: byf, ndi 43 pansi pake. Pa mpope panali kachisoti kachifumu ndi BNP. Mtima unagunda. Zilembo byf ndi chizindikiro chachinsinsi cha fakitale ya Mauser pa nkhondo yachiwiri, ndiye kuti chitsulocho chinali cha mfuti ya asilikali ya mu 1943. BNP ndi chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, chomwe chinayamba pakati pa zaka za m'ma 1950. Agogo akewo mwina anali nayodi mfuti, koma osati iyi, osati chaka chimenecho.

Ndinaganiza kaye ngati ndilankhule. Kenako ndinapita kwa abwana n'kuwanong'oneza. Anatenga galasi lokulitsira, anayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti zimenezi ndazidziwa bwanji. Ndinati ndili ndi mabuku kunyumba. Anafunsa kuti angati. Nditawauza, anakhala chete, kenako anamuitana mwini mfuti n'kumuuza kuti amve kwa ine. Bamboyo anafiira mpaka m'makutu. Ndinamuuza zoona zake zonse, kuphatikizapo zoti mmisiri amene anaimanga anali katswiri, poti mtengo unakumana ndi chitsulo mopanda mpata wolowetsa ngakhale tsitsi. Sanathokoze. Lachisanu la sabata imeneyo ndinapeza kiyi wa kabati yagalasi ali pa benchi yanga, popanda mawu.

Anthu a m'dera lathu ena amanong'onezana kuti m'nyumba mwanga muli mfuti. Mulibe ngakhale legeni. Kuno mfuti imafuna chiphaso cha apolisi, ndipo ine sindinachifunepo. Za eni ake ndimazigwirira kuntchito n'kuzisiya komweko. Chimene chili m'chipinda chija ndi mapepala, ndi fungo la mankhwala a njenjete.

Koma pali chimene chimandiwawa ndikamawerenga mabuku akale a alenje. Muli mayina a mfuti, mayina a amisiri a ku London, kulemera kwa minyanga mpaka paundi yomaliza. Munthu amene ankalondola mapazi a njovuyo, kunyamula mfuti yolemera tsiku lonse n'kuipukuta usiku pamoto, nthawi zambiri amangotchedwa boyi. Ambiri a iwo ankalankhula chinenero chomwe ndikulembachi. Za gogodera wa makolo athu, ndi osula zitsulo a kumudzi amene ankamukonza akathyoka, m'mashelefu anga onse mulibe tsamba ndi limodzi lomwe lolembedwa ndi mwini nkhani.

Choncho ndinagula kope lachiwiri. Loweruka lililonse pakakhala msonkhano wa bungwe lathu la maliro, ndinkakhalira limodzi ndi akuluakulu a ku Mabvuku ndi ku Highfield amene anagwirapo ntchito m'misasa ya alenje, n'kumawafunsa. Mmodzi anandifotokozera mmene ankadziwira kuti mtengo wa mfuti wayamba mng'alu pongougogoda ndi chikhadabo n'kumvera kulira kwake. Ndinakayesa kuntchito Lolemba, ndipo zinali zoona. Amalume nawo ndinawalemba masamba asanu ndi anayi, za fungo la lamba zomwe, miyezi yochepa asanatisiye.

Kope limeneli ndi lokhalo limene siligona pa shelefu. Limakhala m'thiranki ya bambo, pansi pa jekete yawo ija. Ndi lomwe ndinalinyamula m'chikwama pamene tinakwera basi ya ku Nyamapanda, kudutsa pa mlatho wa ku Tete, kuperekeza bambo kwawo ku Dedza, komwe ndinakapeza mpope wa gogodera wa agogo utasanduka chochirikizira nkhokwe. Za ulendo umenewo tidzakamba m'gawo 10.