Katemera wa chifuwa chokoka mtima ndili ndi pakati: zomwe ndadutsamo kuno ku England

Eee ndabayitsa tsopano. Dzulo masana, mkono wamanzere, lero ukuwawa ngati ndinaswera pamtondo kusinja koma mtima uli m'malo. Ndili ndi masabata 27. Ndikanabaya pa masabata 20, ndiye werengani nokha amene anatayika, ndipo mwa masabata 7 amenewo sabata imodzi yokha ndi imene ndinazengereza ine chifukwa cha mantha, enawo anathera pa foni ndi pa risepushoni ya kwa GP, dokotala wa m'dera amene umalembetsako kuno.

Za kuyamba sikelo sindinena zambiri, amene muli kuno mukudziwa kale, azamba amakuitana cha m'masabata 10, mafunso ola lathunthu, magazi, mkodzo, kenako akupatsa mulu wa mapepala oti ukawerenge kunyumba. Ine ndinawaponya m'chikwama basi. Ndinkangomva whooping cough whooping cough osadziwa kuti akunena chifuwa chokoka mtima chomwe chija timachidziwa kusikelo ya ana kwathu.

Tsiku la sikani ya masabata 20, titatuluka ndi kachithunzi kathu tikusekerera, nesi wina anatiimitsa mukolido nkunena kuti chipinda cha katemera ndi icho chotsegulacho, mukhoza kubaya pompano, palibe mzere. Palibe mzere anthuni! Ine nkuyankha kuti ndiganize kaye. Mawu amenewa andiluzitsa ndalama ndi tulo. Ngati pali chimodzi choti mutolepo apa ndi ichi, akakuuzani kuti bayani tsiku la sikani, bayani tsiku lomwelo, mafunso anu onse mufunsiretu pa sikelo ya masabata 16.

Amene anandipangitsa kukana ndi amayi anga. Ndinali nditawauza pa foni sabata yapitayo, iwo nkuti, "Mwanangu, woyembekezera amabaya wa kafumbata basi. Ine ndabereka inu asanu, wa chifuwa chokoka mtima amabaya mwana akabadwa, osati ali m'mimba. Asakuyesere mankhwala kumeneko." Ndipo pa za kwathu sananame ayi, ku Malawi mayi wapakati amalandira wa kafumbata, mwana ndi amene amalandira wa chifuwa chokoka mtima mu katemera wophatikiza uja pa masabata 6, 10 ndi 14. Ndiye kwa iwo zinali zachilendo zedi. Awa ndi amayi omwe amandikumbutsa pa voice note iliyonse kuti ndisaime pakhomo ndiponso ndisadye mazira, mazirawo ndimadya mobisa ngakhale ali kutali makilomita zikwizikwi, koma za jakisoni zinandilowa.

Kuwonjezera apo gulupu yathu ya azimayi pa WhatsApp. Wina anaponya mesenji yoti m'bale wa mnzake anabaya kenako anapita padera, wina nkuti katemerayu anamusintha mwezi wa Julayi chifukwa woyamba uja ankavulaza ana ndiye boma likubisa. Bambo akunyumba nditawafunsa anangoti zili kwa iwe. Zikomo kwambiri bambo, thandizo lalikulu.

Patatha sabata osagona bwino ndinaimbira azamba anga, mayi wachikulire woleza mtima, ndipo anandipatsa mphindi 20 zathunthu pa foni, zimene kuno ndi mphatso. Zina anandiuza iwo, zina ndinakawerenga ndekha pa tsamba la NHS, bungwe la zaumoyo la kuno, ndi la boma usiku ku shifiti, ndiye ndizisakaniza.

Choyamba katemerayu alibe kachirombo kamoyo, sangakupatse chifuwacho iwe kapena mwana. Muli tizidutswa chabe toti thupi liphunzirirepo. Ndipo sabwera yekha, ndi jakisoni mmodzi wa matenda atatu, chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi matenda a pakhosi otchedwa diphtheria, dzina lake pa kabokosi ndi Adacel. Nditamva kuti kafumbata ali momwemo ndinaseka ndekha, ndiye kuti amayi akundiletsa chinthu chomwe mbali yake anabayapo kasanu konse.

Za kusintha kwa Julayi 2024 nzoona koma chifukwa chake si chimene chinanenedwa pagulupu. Wakale uja, Boostrix-IPV, anali ndi polio mkati, ndiye akatswiri anaona kuti ana a amayi amene anabaya ameneyo, akadzalandira katemera wawo wa polio chitetezo chawo cha polio chimatsikirako pang'ono ngakhale chinali chokwanirabe, basi nkusankha wopanda polio. Palibe mwana anavulala, ndipo wakaleyo amamugwiritsabe ntchito kwa amene sangalandire watsopanoyu.

Chifukwa chobayira mayi ndi chakuti mwana kuno amayamba katemera wake pa masabata 8, ndiye masabata oyambirira amenewo amakhala alibe chomuteteza, ndipo ndi nthawi yomwe chifuwachi chimapha. Khanda silikhosomola nkukoka mpweya ngati mwana wamkulu ayi, nthawi zina limangosiya kupuma nkuda milomo. Mayi ukabaya thupi lako limapanga chitetezo, pamatenga pafupifupi masabata awiri, kenako chimadutsa kupita kwa mwana m'mimba momwemo, amabadwa nacho. Nchifukwa chake amati makamaka usanadutse masabata 32, kuti ngakhale mwana atabwera masiku asanakwane akhale atalandira kale. Ukadutsa 32 amabayabe koma phindu kwa mwana limachepa. Komanso ndi mimba iliyonse, osati poti ndinabaya pa woyamba.

Anayamba zimenezi mu Okutobala 2012, chaka chomwe makanda 14 anamwalira ndi chifuwachi kuno. Ndiye pofika 2024 zinali zaka 12 akubaya azimayi apakati, si zoyesera pa ife obwera ayi, mzungu mnzanga wa kuntchito wabaya pa ana ake onse atatu. Bungwe loona za mankhwala la MHRA linatsatira azimayi pafupifupi 20,000 amene anabaya, silinapeze kuti kubereka mwana wakufa kapena mavuto ena a mimba anachuluka kuposa kwa osabaya. Ndipo chitetezo kwa khanda chimaposa 90 pa 100. America ndi Australia nawonso amabaya apakati. Mu 2024 chifuwachi chinavutanso, odwala anadutsa 10,000 chaka chili pakati, makanda osachepera 10 anamwalira kuyambira kumapeto kwa 2023. Apa ndi pamene ndinakhala chete.

Za kupita padera ndinafunsa mosabisa. Azamba anati mimba zambiri zimene zimachoka zimachoka m'masabata 12 oyambirira, katemerayu asanafike nkomwe poti amayambira pa 16, ndipo pa azimayi masauzande obaya sipangalephere wina amene tsoka limugwera sabata yomweyo, monga limagweranso amene sanabaye. Sanandinyoze kuti ndikumvera za pa WhatsApp, anangofotokoza. Nditadula foni ndinali nditatsimikiza.

Apa ndiye pamene mavuto anayambira.

Chipinda cha kuchipatala chija, ndinamva kuti sichitsegula tsiku lililonse ndipo ndi m'mawa wokha, mabasi awiri kuchokera kwathu, ndiye azamba anati zosavuta nkukabaya kwa GP wanu. Zosavuta eti. Kuimba 8 koloko m'mawa ndikuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali gwa, kamawu ka makina kakundiuza kuti ndinu nambala 23 pa mzere, kanyimbo kaja kakulira mpaka mphindi 40, wolandira foni nkunena kuti za apakati zimenezo ndi za azamba, ife sitipanga. Ndibwerere kwa azamba, foni yawo ndi yosiya uthenga, ayankha patatha masiku atatu kuti ayi GP amapanga, auzeni kuti ndi nesi wa pa sejale, kachipatala ka GP pomwepo. Ndiimbenso, nambala 17, wina wosiyana ndi woyamba uja nkuti chabwino, tsiku lapafupi ndi pakatha masabata awiri ndi theka. Ndinavomera, nditani.

Tsikulo ndinasiya shifiti ya maola 12. Tinasamukira mbali ina ya tauni koma GP sitinasinthe, ndiye nakonso ndi mabasi awiri, paundi 2 basi iliyonse pa mtengo wa 2024, mvula ikuwaza, msana ukuwawa. Ndafika nthawi yabwino, ndadina dzina langa pa kasikirini kaja, ndakhala mphindi 35. Kulowa, mtsikana waulemu bwino akundifunsa kuti mkono uti wa katemera wa flu. Flu? Ndinati ayi ndabwerera wa whooping cough. Anayang'ana pa kompyuta nkuti pano analemba flu, ndipo ine ndine wothandizira chabe, ameneyo sindiloledwa kubaya, nesi amene amabaya lero kulibe. Ndinatuluka kupita pa risepushoni, ndikulankhula Chingelezi chaulemu pamene mumtima ndikutukwana m'Chichewa, iwo nkumangoti pepani pepani, tsiku lina lapafupi ndi pakatha masabata atatu. Masabata atatu! Ndinafunsa kuti mufiriji mulibe katemerayo? Akuti alimo. Alimo koma wobaya palibe. Ndinabaya wa flu womwewo poti nawonso amalimbikitsa apakati nyengo yozizira ino, kuti tsiku lisapite lonse pachabe, koma m'basi pobwerera ndinalira, osati pang'ono, mayi wina mpaka anandipatsa tishu. Paundi 8 ya mabasi, shifiti ya pafupifupi paundi 140, zonse chifukwa munthu anamva mawu oti katemera ndi oyembekezera nkudina bokosi lolakwika.

Ndiye mukamabukitsa kwa GP musangoti katemera wa apakati. Tchulani dzina lonse, nenani masabata anu, nenani kuti mukufuna practice nurse, nesi wa pa sejale uja, ndipo muwauze akuwerengereni zimene alemba musanadule foni. Mesenji yotsimikizira ikabwera iwerengeni, yanga ija inangoti apointimenti ya katemera osatchula uti, ine osalabadira. Koma kuposa zonsezi, bayani tsiku la sikani.

Ndaiwala kunena za shifiti ija. Ndinadzamva mochedwa kwa mnzanga wa ku Zimbabwe kuti lamulo la kuno limati wolembedwa ntchito amene ali ndi pakati ali ndi ufulu wopita ku sikelo akulipidwa, bola ndi zimene azamba kapena dokotala alangiza. Ine ndinangosinthana ndi munthu mwakachetechete ngati ndikupempha chifundo, poopa kuoneka wovuta poti viza yanga ili m'manja mwa kampani. Amene mumagwira kudzera ku ejensi malamulo ake ndi osiyanako, ufuluwo umayamba mukakwanitsa masabata 12 pamalo amodzi. Tengani pepala la MATB1, lotsimikiza kuti muli ndi pakati, kwa azamba mukadutsa masabata 20, perekani kuofesi, ndipo apointimenti iliyonse muziwadziwitsa polemba. Katemerayo payekha ndi waulere, palibe ndinalipira.

Pa sikelo ya masabata 25 ndinawafotokozera azamba zonse, anagwira mutu, nkuyesa kundipezera malo kuchipatala koma masiku ake anagundana ndi mashifiti amene sindikanathanso kusiya, ndiye ndinangodikira la kwa GP lomwelo. Usiku wake ndinaimba kutsimikiza, m'mawa ndinaimbanso, mwina anatopa nane koma zimenezo ndi zawo.

Kubaya kwenikweniko mphindi zisanu sizinakwane. Nesi anafunsa ngati ndili ndi malungo kapena kutentha thupi, poti ukatentha amakuuza udikire uchire kaye, anafunsa ngati ndinayamba ndatupa kapena kubanika nditabaya katemera wina, komanso ngati thupi langa limadana ndi labala wa magolovesi uja, latex, poti ngati zili choncho ndi pamene amakupatsa wakale uja. Ndinati ayi zonse. Anandionetsa kabokosi, ndinawerenga dzina ndi maso angawa, kenako tswii paphewa, basi. Anati mkono ukhoza kuwawa, kufiira kapena kutupa pang'ono masiku awiri atatu, ena amamva kutopa, mutu kapena kutentha pang'ono, paracetamol ndi wololedwa. Ine ndi mkono wokhawu ndi kutopa, koma kutopako ndani angasiyanitse ndi kwa masiku onse. Mwana usiku wonse amangomenya mateche ngati kale. Onetsetsani kuti alemba mu manotsi anu a sikelo, ine ndinaimirira pomwepo mpaka ataonetsa pa apu.

Potuluka nesi akuti musaiwale wa RSV, kachirombo kovutitsa makanda m'mapapo, uja anayamba mu Seputembala 2024, amabaya kuyambira masabata 28, ndiye kuti sabata yamawa. Ndinamugwira mkono nkuti chonde ndibukitseni inuyo pompano pa kompyuta yanuyo, pa risepushoni sindipitanso. Anaseka koma anabukitsa, ndipo ndinamuuza andiwerengere zimene walemba.

Amayi ndinawauza usiku, ndinayambira ku kafumbata kuti ali momwemo, kenako za makanda osiya kupuma aja. Anakhala chete kenako nkuti mchemwali wawo wamng'ono anamwalira ndi chifuwa chokoka mtima ali wa miyezi iwiri, kumudzi kalekale iwo ali kamtsikana, agogo anayenda naye kwa asing'anga atatu. Nkhani imeneyi sanandiuzepo chibadwire changa. Lero m'mawa atumiza voice note kufunsa ngati mkono watsika, nkuwonjezera kuti wa sabata yamawayo ndiwauze dzina lake bwinobwino akafunse kwa anamwino a kutchalitchi kwawo.