Ku Storyville Kunatsala Magalasi 89

Mukafika ku New Orleans ku America n'kuima pa Basin Street, musayembekezere zambiri. Storyville, dera lomwe uhule unkachitika mololedwa kuyambira 1897 mpaka 1917, analigumula pafupifupi lonse n'kumangapo nyumba za Iberville. Ngakhale Mahogany Hall, nyumba yotchuka ya mahule yomwe mwini wake anali mayi Lulu White, inagwetsedwa mu 1949. Zimandiwawa kuti mzinda wodya ndalama za alendo chonchi unalephera kusungako mdadada umodzi wokha.

Chomwe chinapulumuka ndi magalasi 89 a zithunzi za amayi ochita uhule ku Storyville, zomwe wojambula E. J. Bellocq anajambula cha m'ma 1912. Nthawi imeneyo chithunzi chinkagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala, la mainchesi 8 kwa 10, kamera ili pa miyendo itatu. Wojambula wina, Lee Friedlander, atagula magalasiwo mu 1966, anasindikiza zithunzizo mwachikale: kugoneka galasi pa pepala lomwe limada lokha ndi kuwala kwa masana, kudikira maola ambiri, kenako kuviika pepalalo m'madzi a golide kuti mtundu ukhazikike. Galasi silikhululuka. Likanyowa mankhwala amasupuka, likagwa limang'aluka, ndipo zipsera zonsezo zimatuluka pa pepala.

Pali chithunzi chimodzi choti muchiyang'ane mosathamanga. Mayi wakhala pampando, wavala masokosi a mizeremizere, miyendo wapingasa, m'manja muli tambula, pambali pake botolo la mowa wa Raleigh Rye. Sakuoneka wogwidwa kapena wamanyazi. Ali pakhomo pake. Amayi ena anajambulitsa ndi galu, ena atatchena ngati akupita kutchalitchi. Koma pa magalasi ena nkhope anazikanda dala mpaka kutsala bala lakuda pamwamba pa khosi. Anthu ena amaloza chala mchimwene wake wa Bellocq yemwe anali wansembe, ena amati ndi Bellocq mwini poti zina zinakandidwa mankhwala asanaume. Apa m'pomwe mtima umanyamuka: thupi analisiya, munthuyo n'kumufufuta.

Ku Historic New Orleans Collection, nyumba yosungira mbiri yakale pa Royal Street, kulowa n'kwaulere, ndipo amasunga ma Blue Book, timabuku tomwe tinkatchula maina ndi ma adiresi a amayiwa kwa makasitomala. Funsiranitu ngati ali poonekera, poti pepala lakale limafwifwa ndi kuwala ndipo saliyala tsiku lililonse. Manda a Bellocq ali ku St. Louis Cemetery No. 3 pa Esplanade Avenue. Kwerani sitima ya mumsewu yopita ku City Park, $1.25, mukhale ndi ndalama yokwanira chifukwa sabweza chenji. Mu Julayi tengani madzi ndi ambulera, kumandako mthunzi ndi wosowa.